Njira ya Che Issa Yozungulira Kanyanja

Tsiku limene kaliyala ya njinga inagonja pansi pa Che Issa, msika wonse wa Mlare unalipo. Wopalasa njinga yonyamula anthuyo, imene kuno timati kago, anali Gordon, bambo amene amanyamula matumba a mpunga ngati mapilo, ndiye pasapezeke wonena kuti vuto linali la mwini njinga. Chitsulo chinangolira kuti kwee, n'kupindika pang'onopang'ono ngati chikupereka ulemu. Che Issa anatsetsereka chagada mpaka kukakhala phwatha m'beseni la tomato wa mayi Angela, amene amagulitsa pakhonde loyandikana ndi golosale ya Che Issayo. Mkanjo woyera wa Lachisanu unafiira kumbuyo konse.

"Kyala gwangu! Munthu waphulika!" anakuwa mayi wina, akuitana Mulungu m'Chinkhonde, ataona kufiirako.

Ayi, sanaphulike. Koma atawadzutsa, dziko linayamba kuzungulira, ndipo anakhalanso pansi, ulendo uno pa anyezi. Kuchipatala anapita pangolo ya ng'ombe, pakuti a kago onse anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti matayala awo alibe mpweya. Kumeneko anawapeza ndi shuga pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo dokotala sanazungulire.

"Bambo, mankhwala ndikupatsani. Koma mukapanda kuyenda tsiku lililonse mpaka kutuluka thukuta, golosale ijayo azidzatsegula ndi ana anu."

Achinyamata a masiku ano sakhulupirira, koma Che Issa anafika kuno ali ngati bango. Anachokera ku Namwera, kwawo ku Mangochi, atasenza mtolo wa zitenje, ndipo ankayenda wapansi kuchokera ku Chilumba mpaka ku Lupembe, kugogoda khomo ndi khomo. Malonda atawakomera anakatenga mkazi wawo, mayi Zaituni, n'kutsegula golosale, n'kukhala pansi kuseri kwa kauntala. Kukhala kumeneko ndiye kunali kukhaliratu. Tiyi wa shuga wochita kuuma supuni, zitumbuwa, masana mbalagha, ija ya nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, imene anaiphunzira konkuno n'kuikonda kuposa eni ake. Ana awo, kuyambira Fahadi woyambayo, anabadwira kuno, iwo eni Chitumbuka amachimva, "ndaga", zikomo wa Chinkhonde, amamuyankhula bwino, ndipo pamaliro sajomba. Munthu wabwino ndithu. Chilema chawo n'chimodzi: amakhulupirira kuti dziko lonse lingakonzedwe ngati mashelefu. M'golosale mwawo parafini amakhala kumanja, ufa ndi shuga kumanzere, ndipo aliyense amene wabwera ndi dandaulo, kaya la ana omenyana kaya la mitala, amamupatsa mankhwala omwewo: "Zosagwirizana, china kumanja, china kumanzere. Nkhani yatha."

Kuyenda anayambira pamsewu waukulu. Sikunakhalitse. Thanki yamafuta yochokera ku Tanzania inawapemerera mphepo n'kuwaponya m'ngalande, ndipo mayi Zaituni analumbira kuti akadzapitanso kumsewuko iwo alongedza. Ndiye maso a Che Issa anagwera pakanyanja kathu kakuseri kwa msika, dziwe limene timalitcha kanyanja pofuna kulilemekeza. Ng'ona mulibe, mvuu zinasamuka kalekale. Muli bango, akakowa ndi timatemba.

Apa ndi pamene anthu tinagwira pakamwa. Kuno munthu amayenda kupita kumunda, kuchigayo, kumaliro, kapena kukafunafuna ng'ombe yosochera. Koma bambo wamkulu, mwini golosale, kudzuka m'mamawa, kuvala nsapato za mpira, n'kumayenda manja ali lendelende?

"Che Issa, ulendo wakuti?"

"Palibe, ndikungoyenda."

"Mwataya chiyani? Tikuthandizeni kufuna."

"Sindinataye kanthu."

"Pole sana," ankatero ofunsawo powapepesa m'Chiswahili, n'kumawayang'ana mpaka atabisika m'bango.

Sabata isanathe nkhani zinali zitabereka ana. Ena amati malonda agwa ndipo mutu wayamba kusokonekera. Ena amati anauzidwa ndi sing'anga kuti azipondaponda mame kuti makasitomala achuluke. Amayi apachitsime, amene sachedwa ndi zinthu zokayikitsa, anangogamula kuti kuseri kwa bangoko kuli mkazi. Mawu amenewa atafika kwa mayi Zaituni, m'mawa mwake anamanga chitenje mwamphamvu n'kutsatira amuna awo. Mkazi sanamupeze. Anapeza bambo wawo atakumbatira mtengo wa mango, akupuma ngati mvukuto. Chisoni chinawagwira, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuyenda nawo, n'kukokanso mnzawo wapamtima, mayi Towera, pamodzi ndi ana.

Tisawanamizire, ntchito anaigwira. Ndi chikwanje ndi khasu, Che Issa analumikiza tinjira ta ng'ombe kukhala njira imodzi yosalala, yopanda chitunda, yoti ngakhale mwana wongophunzira kumene kuyenda atha kuitsata. Pamatope anayala mitengo. Pansi pa migwalangwa anagubuduzirapo chipika chokhalira. Mabanja ena amene poyamba ankaseka anayamba kubwera Loweruka, ati kudzaonetsa ana mbalame. Lamba wa Che Issa anayamba kufuna bowo latsopano.

Koma njirayo inali yoduka. Tsidya lina la kanyanjako ndi malo a mdala Ambokile, mwini ng'ombe zambiri, amene munda wawo wa mpunga umafika m'madzi mwenimweni, ndipo uku ndi uku anatchingako ndi minga. Choncho Che Issa ankayenda mbali imodzi mpaka pamingapo, n'kuima, n'kupuma, n'kubwerera. Mawa lake mbali inayo, chimodzimodzi. Kanyanjako anali asanakazungulirepo n'kamodzi komwe.

Tsono taganizani zimene ankaona a Ambokile. Munthu wakummwera, wodziwika ndi kukonda nyama, kufika pampanda wawo m'mawa uliwonse, lero uku mawa uku, n'kuima chilili akuyang'ana ng'ombe uku akupumira m'mwamba. Anaitana mwana wawo Kenan, amene ndi mwamuna wa mayi Towera, n'kumutuma.

"Kamuuze mnzako wa ku Mangochi uja kuti nyama amagulitsa kumsika. Ndikadzamuonanso pampanda wanga, ndiuza onse a minda ya m'mbali mwa madzi kuti atseke. Aziyenda m'golosale mwake."

Sikunali kuopseza chabe. A Ambokile akanena kuti tsekani, anthu a kumeneko amatseka. Che Issa atamva uthengawo anaona kuti zavuta. Kumsewu analetsedwa, kanyanja kakatsekedwa ndiye kuti abwerera kuseri kwa kauntala kukadikira zimene ananena dokotala zija. Anagwira Kenan dzanja.

"Achimwene, kawapempheni adadawo adzayende nafe kamodzi kokha. Atsegule mingayo tsiku limodzi, aone okha kuti ndi mabanja ndi ana basi. Akakana ataona, ndidzavomera."

Kenan anapita kangapo, ndipo pamapeto pake mdala analola. Koma anaika lamulo limodzi, ndipo anachita kubwera yekha pagolosale kudzalinena.

"Ndamva kuti mkamwana wanga amayenda nawo kumeneko. Akakhalapo, ine ndisamuone, iyenso asandione. Wamva, mwana wa ku Mangochi?"

Mabanja ambiri a Ankhonde anaufewetsa mwambo umenewu, koma osati kwa a Ambokile. Chikwatiwire, mayi Towera anali asanayang'anepo nkhope ya apongozi awo aamuna. Dzina lawo salitchula. Akamva chifuwa chawo panjira amapatukira kutchire n'kudzifunditsa chitenje kumutu. Chakudya amaphika n'kutumiza, matenda amafunsa kudzera mwa ena, ulemu wonse amapereka, koma maso ayi. Ana afika ku sekondale zinthu zili choncho.

"Mzee, zimenezo siyirani ine," anatero Che Issa akudzigunda pachifuwa. "Ine mwambo wakuno ndimaudziwa. Abambo tidzalowera kumanja, amayi kumanzere. Pakati pathu padzakhala nyanja yathunthu. Nkhani yatha."

Mdala anagwedeza mutu movomereza, Kenan anagwedeza mutu. Mayi Zaituni masiku ano amati iwo anaona vutolo nthawi yomweyo koma sanafune kuchititsa manyazi amuna awo pagulu. Amene analipo akuti nawonso anagwedeza mutu.

Loweruka linafika, kunja kuli kowala bwino. Amayi ndi ana ananyamuka pamtengo wa mango kulowera kumanzere, mayi Towera patsogolo atasenza beseni la zitumbuwa ndi fulasiki ya tiyi. Iwo atabisika, abambo anatulukira ndi mdala n'kulowera kumanja. A Ambokile anavala majombo ndi jekete la kutchalitchi, ndodo m'manja. Che Issa anali pambali pawo ngati wogulitsa malo.

"Taonani, Mzee, posalala ngati pakhonde. Apa ana amaonera akakowa. Apa pokhala okalamba."

"Okalamba ake ati?"

"Ena, Mzee. Ochokera kutali."

Mdala ankaoneka kuti zikumukomera. Anaima n'kuloza ng'ombe zake ndi ndodo, ati sanadziwe kuti kuchokera pano zimaoneka zonse. Mtima wa Che Issa unayamba kuvina. Atadutsa pomwe panali minga paja analowa m'malo a mdala, pomwe njira ndi kamtunda ka dothi kopyapyala, kokwana munthu mmodzi: uku madzi a kanyanja, uku matope a mpunga, kutsogolo bango lalitali lobisa pokhota. Mwini malo anatsogola. Kenaka kunamveka kuseka kwa amayi.

"Mawuwo akumveka pafupi," anatero Kenan.

"Ndi madzi amenewo," anayankha Che Issa. "Madzi amanyamula mawu. Kwathu ku Mangochi munthu amatha kuitana mnzake ali tsidya."

Anakhota. Patsogolo pa a Ambokile, pafupi moti akanatha kutola chitumbuwa m'beseni, panaima mayi wooneka bwino, wathukuta pamphumi, kumbuyo kwake mzere wa amayi ndi ana. Mdala anavula chipewa mwaulemu wonse n'kupereka moni wa Chinkhonde.

"Mughonile, mama. Mwalawira ndi katundu. Kodi inu ndinu mwana wa yani? Nkhopeyi ndi yachilendo kuno."

Amayi onse anauma. Abambo onse anauma. Ngakhale akakowa akuti analeka kudya. Mayi Towera nkhope ya mdalayo sankaidziwa, koma mawuwo ankawadziwa ngati a mkati mwa mutu wawo. Beseni linapita kwake, fulasiki kwake, iwo anangoti m'madzi phava, chitenje chili kumutu, n'kumira mpaka m'khosi pakati pa bango.

"Mayiyu wadwala?" anafunsa a Ambokile modabwa. "Mugwireni! Mwana wa yani ameneyu?"

Kenan ndiye anayankha. "Tata," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "ndi make Yotamu."

Yotamu ndi mdzukulu wawo woyamba. Mdala anazindikira kuti wapatsa moni mkamwana wake. Anatembenuka msangamsanga kuti athawe, n'kupeza kuti kumbuyo kwatsekedwa ndi Che Issa, amene amadzaza njira yotere payekha. Ndiye anachita chimene chinatsala: anadumphira mbali inayo, m'matope a mpunga wawo womwe, n'kutitimira mpaka m'mawondo, atafulatira, chipewa ataphimba nacho kumaso.

"Subuhanala!" anatero Che Issa, manja ali kumutu. "Mwachokera kuti inu? Ndinati kumanzere!"

"Kumanzere komweko n'kumene kwatifikitsa kuno!" anakalipa mayi Zaituni. "Bambo a Fahadi, njira yozungulira imathera kuti?"

Pamenepo m'pamene zinawalowa m'mutu, iwo ndi abambo onse amene anagwedeza mitu aja. Pashelefu parafini amakhala pomwe wamuika. Anthu amayenda.

Tsono panavuta. Mayi Towera sakanatuluka m'madzi apongozi awo ali pomwepo. Mdala sakanatuluka m'matope popanda kutembenuka, ndipo majombo anali atagwidwa. Kenan anangoima pakati, kuyang'ana uku bambo, uku mkazi, osadziwa woyamba kumuvuula. Ana okha ndi amene anali ndi nzeru, anali kalikiliki kuvuula zitumbuwa zoyandama. Ndiye m'bangomo munatuluka kamawu konong'ona, kopita kwa mayi Zaituni.

"Anganya, misundu. Yayamba."

Apa Che Issa anachita chinthu chimene Mlare sadzaiwala. Anavula mkanjo pamaso pa amayi onsewo, n'kutsala ndi buluku ndi vesiti imene inaleka kalekale kufika pamchombo. Anatambasula mkanjowo ndi manja awiri ngati katani, n'kuima pakamtunda paja pakati pa madzi ndi matope. Pomwe nsalu inaperewera, thupi linakwaniritsa.

"Amayi, mutulutseni! Abambo, adadawo! Ine sindikuona kanthu, sindikumva kanthu!"

Mayi Zaituni anabisa nkhope ndi manyazi, amayi ena anabisa nkhope n'kusiya mpata pakati pa zala. Mayi Towera anavuulidwa n'kuthawitsidwa njira yomwe anadzera, akudontha. Mdala anazulidwa ngati chinangwa, jombo imodzi n'kutsala momwemo. Analowera kwawo akutsimphina, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu minga inali itabwerera m'malo mwake, yochuluka kuposa kale.

Masiku otsatira Che Issa sanayende. Ankangokhala kuseri kwa kauntala kudikira kumva kuti a minda onse atseka. Mayi Towera sanaoneke kumsika, ati amangolira kuti adzayenda bwanji pamudzi. Pamapeto pake mayi Zaituni anagwira tambala wamkulu, n'kumumanga miyendo, n'kumupachika m'khwapa mwa amuna awo.

"Safunsa anadya phula. Pitani mukalavule."

Anapita ndi Kenan. Anapeza a Ambokile atakhala pansi pa nthochi, akumwa chambiko. Che Issa anakhala pansi penipeni, munthu amene kukhala pansi ndi ulendo ndipo kudzuka ndi ulendo wina, n'kupepesa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde chothyokathyoka. Anati cholakwa ndi chawo, mayi uja alibe mlandu. Anati njira akaitseka atseke, koma mkamwana asamusungire kanthu kumtima.

Mdala anayang'ana tambala nthawi yaitali.

"Mkamwana wanga alibe mlandu," anatero. "Analumphira m'madzi a misundu chifukwa cha ulemu wanga. Wa masiku ano akanandipatsa moni wa dzanja." Anamwanso chambiko. "Ndipo Kenan, sunandiuze kuti unakwatira bwino chotere."

"Tata!"

"Ndanena kamodzi, sindidzanenanso." Kenaka anatembenukira kwa Che Issa. "Iwe ndiwe wopusa, koma si wakuba. Wakuba savula malaya pagulu. Ndipo bondo langali, limene landisautsa chaka chonse, tsiku lija linagona tulo. Njira ija ndikuifuna."

Che Issa anafuna kudumpha, thupi linakana.

"Ndaga, Mzee! Ndaga fijo!"

"Usathokoze, sindinamalize. Minga ndizitsegula ine, m'mawa, ndikamayenda ine. Ndikamaliza nditseka, ndipo pampanda wanga pasaimenso munthu. Tonse tizilowera mbali imodzi. Ine patsogolo, amayi kumbuyo kwenikweni. Ndipo iwe uziyenda kumbuyo kwanga, pafupi, osandipitirira, osatsalira. Ndinaona tsiku lija. Iwe ukaima pakati, munthu wa uku saona wa uko. Ndikacheuka mwangozi ndiziona iwe basi."

Ndi mmene zilili mpaka lero. Mukafika ku Mlare m'mawa mudzaona mzere ukuzungulira kanyanja, wabata ngati wopita kumanda. Patsogolo a Ambokile ndi majombo atsopano. Amayenda pang'ono, n'kuima kuti aone ng'ombe. Amayendanso pang'ono, n'kuima kuti afotokoze mayi wake wa ng'ombeyo, ndi mayi wa mayi wakeyo. Kumbuyo kwawo Che Issa, m'nsapato zawo za mpira, akupondaponda pamodzimodzi ngati mwana wofuna kutaya madzi, thukuta n'dontho lomwe ayi. Akayesa kufulumira amakumana ndi ndodo. Kutali kumbuyo amayi ndi ana akubwera mosangalala, mayi Towera ali pakati, ndipo amayiwo ndi amene aonda bwino chifukwa amathamangitsana ndi ana podikira. Akamaliza, mdala amakakamiza Che Issa kuti akhale pansi amwe chambiko ndi nthochi zowotcha, ati munthu wogwira ntchito yotere asafooke.

Tsiku lina Che Issa akutsegula golosale, anadzitama kwa mayi Angela kuti pano kanyanja amakazungulira konse, tsiku lililonse, ndipo pofika nthawi yokolola mpunga anthu sadzawazindikira. Mayi Angela anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupitiriza kuunjika tomato wawo.

"Che Issa, musadzinamize. Mdala uja sangalole kuti muonde. Mukaonda azibisala kuseri kwa yani?"